Mmene mungachotsere mbewa m'nyumba popanda kuzizunza

Ndili mwana ndinkakonda kwambiri mbewa za m'makatuni, makamaka Mickey Mouse, yemwe anayamba kuonetsedwa mu 1928. Chikondi chimenecho sichinathe ngakhale tsiku limene ndinatsegula dilowa ya tebulo langa n'kupeza makope anga atatafunidwa, ndipo pakati pa timapepala tonyenyekato panagona tiana ta mbewa tisanu tofiira, topanda ubweya, maso ali chitsinzinire. Ndinaibweza dilowayo pang'onopang'ono kuti tisadzidzimuke. Komabe chifundo sichikanandilola kuzisiya, pakuti mbewa ya m'nyumba imakhala ndi bere masiku 19 mpaka 21 okha, ndipo ana ake amayamba kuswana akakwanitsa milungu pafupifupi 6.

Ntchito yoyamba, imene ambiri amaidumpha pothamangira msampha, ndi kutseka njira zolowera. Mbewa imadutsa pabowo longa la pensulo, la mamilimita 6 kapena 7, choncho yendani ndi tochi m'mbali mwa makoma, kuseri kwa kabati, kunsi kwa chitseko ndiponso pamene mapaipi amalowera m'nyumba. Musatseke mabowo ndi nsanza kapena mapepala, chifukwa mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse ndipo imangokhalira kutafuna. Tsindirani waya wotsukira miphika m'bowomo, kenako mumate ndi simenti. Chakudya chonse chisungidwe m'zitini zokhala ndi zivundikiro, ndipo nyenyeswa zisagone pansi, popeza magalamu 3 pa tsiku amaikwanira.

Mukatero mutha kutchera zimene zatsalira mkati. Mbewa siona bwino, imayenda mokhudza khoma ndi ndevu zake, motero msampha uyenera kugundana ndi khoma pamalo pamene mwaona ndowe zake. Makatuni anatiphunzitsa kuti mbewa imafera tchizi, koma imakopeka msanga ndi njere kapena mtedza wosinja, ndipo nyambo yake ikhale yochepa. Ngati mwasankha msampha wogwira yamoyo, muziuona m'mawa ndi madzulo, chifukwa kanyama kotsekeredwa kamafooka msanga ndi ludzu ndi mantha, ndipo mukakatulutse kutali ndi nyumba za anthu, pamalo a udzu. Tiyenera kuvomereza kuti mbewa yozolowera m'nyumba nthawi zambiri sikhalitsa kutchire, ndiye msampha wa sipuling'i, wopha nthawi yomweyo, sindiuona ngati nkhanza.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi chakuti musagwiritse ntchito msampha wa ulimbo. Ndinautchera kamodzi kokha. Usiku ndinadzutsidwa ndi kulira kwakuthwa, ndipo nditayatsa nyale ndinapeza kambewa katamatika cham'mbali, mtima ukugunda moonekera pakhungu, mwendo umodzi utapindika chifukwa choyesa kudzichotsa. Ndinakamasula ndi mafuta ophikira, koma sikanafike m'mawa, ndipo kulira kumene kuja ndimakumvabe. Poizoni nayenso ndi woipa, chifukwa wambiri amalepheretsa magazi kuundana, mbewayo imavutika masiku angapo isanafe, mwina n'kukafera m'denga kumene simungaifikire, ndipo mphaka kapena kadzidzi amene angaidye amadwala nayo.

Potsuka pamene mbewa zinkakhala, musasese ndowe zili zouma, chifukwa fumbi lake limatha kunyamula tizilombo toyambitsa matenda. Tsegulani mawindo, valani magolovesi, sakanizani gawo limodzi la mankhwala a klorini ndi magawo 9 a madzi, nyowetsani ndowezo pamodzi ndi chisa, ndipo mudikire mphindi 5 musanapukute ndi pepala. Pepalalo mulimange m'jumbo musanalitaye, kenako musambe m'manja ndi sopo. Pakatha sabata muwaze ufa pang'ono m'mbali mwa khoma madzulo, ndipo m'mawa mukapeza timapazi, dziwani kuti bowo lina likadali lotseguka ndipo muyambirenso kulifunafuna ndi tochi.