Agogo anu aikidwa dzino la implant? Samalani nkhama, osati dzino lokha

Mayi anga ali ndi zaka 71, achimwene anawaitanira ku Joni nkukawaikitsa ma implant awiri ku nsagwada ya m'munsi, ndiye poti amene ndimakhala nawo kuno ku Chibavi ndine, ntchito yowayang'anira inagwera ine basi.

Chinthucho ndi kasikuluwu ka chitsulo cha titanium, amakalowetsa mu fupa la nsagwada, fupa limakula nkukagwira zolimba pa miyezi 3 mpaka 6, kenako amamangapo dzino lowoneka lija. Ukalamba pawokha si vuto ayi. Ndipo chimakhalitsa: munthu woyamba amene dokotala Brånemark, woyambitsa njirayi, anamuika ku Sweden mu 1965 anamwalira mu 2006 zitsulo zake zikadali gwa mkamwa, zaka zoposa 40.

Koma pamene anthu amapusira ndi apa. Dzino limeneli siliwola komanso lilibe mtsempha, ndiye agogo amati aaa la chitsulo ili, kutsuka nkwa chani. Chomwe chimadwala ndi nkhama ndi fupa lozungulira, madokotala amati peri-implantitis, ndipo imadya fupa mwakachetechete osamva kuwawa kwenikweni, pomadzazindikira dzino layamba kugwedera ndalama zija zapita.

Ndiye kutsuka kawiri patsiku, mswachi wofewa, kolgeti wamba ali bhobho. Mswachiwo upendekere pamene dzino lakumana ndi nkhama, osangopukuta pamwamba. Pakati pa mano pamafunika floss, kaulusi kotsukira mano, kapena timiswachi ting'onoting'ono tolowa m'mipata, usiku uliwonse. Mayi anga zala zimawauma kukazizira, mukuidziwa Mzuzu mu June, kamswachi kamawapulumuka, ndiye ndinakulunga kansalu pa chogwirira nkumanga ndi labala kuti chinenepe. Magalasi avale potsuka, ndinawapeza tsiku lina akutsuka dzino loyandikana nalo, pa implant penipenipo kanyama ka dzulo kali phee.

Kamodzi pa sabata muziwayang'ana nokha ndi tochi ya foni. Nkhama zikhale zolimba, zosatupa. Mukaona magazi potsuka, mafinya, fungo losatha, kapena chitsulo chayamba kuonekera, musadikire mwezi uthe, pitani kwa dokotala wa mano. Likamagwedera osamalikankha ndi lilime, nthawi zina ndi kasikuluwu kapamwamba kokha kamasuka, amangokamanga.

Shuga akhale wotsika, akakwera mabala sapola msanga ndipo nkhama zimadwala mosavuta. Fodya ndiye mdani wamkulu, wosuta ngakhale woika mkamwa uja ngati ngirimbo, pamenepa sindinyengerera. Mankhwala ena a BP amaumitsa mkamwa, malovu akachepa zonyansa zimakanirira, koma musawasiyitse mankhwala, azingomwa madzi pafupipafupi ndipo adokotala awuzidwe. Amene amamwa mankhwala olimbitsa mafupa ngati alendronate anene asanagwiridwe chilichonse mkamwa, chifukwa fupa la nsagwada limatha kuvuta kupola.

Za kudya nkhondo yake ndi ya nzimbe. Mayi amazikonda koopsa, pano ndimawasendera nkuduladula timagawo. Chimanga chokazinga, kuswa mafupa a nkhuku, kutsegula botolo ndi mano, izo ayi. Dzino lachibadwa limanyuka pang'ono ukaluma cholimba, la implant lili nga, mphamvu yonse imathera pa chapamwambacho mpaka kusweka. Ngati amakukuta mano kutulo funsani za kapulasitiki kovala usiku.

Kwa dokotala muzipita miyezi 6 iliyonse ngakhale palibe chowawa, akatsuke komanso nthawi zina ajambule X-ray kuona ngati fupa silikutsika. Ndipo pepala lija lolembedwa mtundu ndi saizi ya implant mulisunge mu buku la kuchipatala, makampani ndi ambiri ndipo zomangira zake sizifanana. Ife tinaliiwala ku Joni, zinatengera achimwene kulijambula nkutumiza pa WhatsApp ife tili kale pa benchi.