Udzudzu wa masana ndi ndowa za madzi kuseri kwa chitseko

Abale anga a kuno ku Johannesburg, ambirife tinakula tikudziwa kuti udzudzu ndi wa usiku, ndipo ukagona mu neti wathana nawo. Zimenezi n'zoona pa malungo. Koma pali udzudzu wina wotchedwa Aedes, wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo, umene umaluma dzuwa likuswa mtengo, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo. Umenewu ndi umene umafalitsa matenda a chikungunya ndi dengue, ndipo neti ili pabedi siikuthandizani pamene mukuchapa panja.

Chikungunya anaitulukira kummwera kwa Tanzania mu 1952, ndipo dzinali ndi la Chimakonde, lonena za munthu wopindika ndi ululu. Pachilumba cha Réunion inagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse mu 2005 ndi 2006, ndipo inabukanso mu 2025, n'kufika ku Mauritius ndi Mayotte. Chaka chomwecho inavutanso mumzinda wa Foshan ku China. Kachiromboka kamayenda m'magazi a munthu wapaulendo, pandege kapena pabasi. Akafika kumene kuli Aedes, udzudzu umamuluma n'kukapatsira ena.

Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuzizira kwa June kumatithandiza. Koma ife ndife anthu oyenda: Disembala ikafika timadzaza mabasi kudutsa Beitbridge ndi Tete, ena amakagwira ntchito ku Durban kumene kumatentha. Komanso kuno ku Highveld, dera lokwera limene kuli Johannesburg, tili ndi matenda athuathu, West Nile ndi Sindbis, amene udzudzu wa Culex umatenga ku mbalame mvula ikachuluka. Choncho ntchito yochotsa madzi odikha siyodikira kuti mliri ulengezedwe.

Tsiku lina ndinayendera pakhomo pamene pamakhala mabanja asanu m'zipinda za kuseri. Mayi wina anandionetsa bwalo losesa bwino, lopanda ngakhale kachitsotso. Nditavundukula chigubu chodula pakamwa chimene anasungiramo madzi nthawi imene mipope inauma, ndinapeza timphutsi tikuvinavina, tikathawira pansi mthunzi wanga ukawagwera madziwo. Iwo anati, "Koma bambo, madziwa ndi oyera, ndinatunga pampope." Apa ndiye pamene ambiri timaphonya. Aedes safuna chithaphwi chonunkha ayi. Amakonda madzi oyera, ochepa, a m'chiwiya cha pakhomo.

Dzira likhoza kukhala udzudzu wouluka m'masiku 7 mpaka 10. N'chifukwa chake ndimalangiza kusankha tsiku limodzi pa sabata, kaya Loweruka musanapite kokagula zinthu, loyendera chiwiya chilichonse. Kutaya madzi kokha sikukwanira. Udzudzuwu umamata mazira m'mbali mwa ndowa, pamwamba pang'ono pa mlingo wa madzi, ndipo mazirawo amakhala amoyo miyezi ingapo ali ouma. Mukangothiramo madzi ena, aswa. Kwechani m'katimo ndi burashi kapena sitiwulu, tsukuluzani, kenako dzazani n'kuvundikira ndi chivundikiro chothina. Dramu lopanda chivundikiro limangeni pakamwa ndi chidutswa cha neti yakale ndi mphira.

Inu achimwene ogwira ntchito m'magadeni, muli ndi mwayi woona zimene eninyumba saona: timbale ta pansi pa miphika ya maluwa, mosambira mbalame, magatala otsekeka ndi masamba, pulasitiki yophimba dziwe losambira imene yasunga madzi a mvula, wilibala yosiyidwa chagada. M'timbaleto thiranimo mchenga. Matayala akale, amene ena timatsindira nawo malata, abooleni kuti madzi azituluka. Udzudzuwu suuluka patali, ndiye umene wakulumani mwina waswera pakhomo panu pomwepo kapena kwa aneba. Nkhaniyi ikambirane pabwalo lonse, chifukwa ndowa imodzi yoiwalika imakwanira tonse.

Nanga wina akadwala? Chikungunya imayamba mwadzidzidzi, nthawi zambiri pakatha masiku 4 mpaka 8 chilumidwireni: thupi kutentha kwambiri, mutu, nthawi zina zidzolo, ndi ululu wa molumikizira mafupa, m'zala, m'manja ndi m'akakolo, woti munthu kulephera kumanga batani la malaya. Siipha kawirikawiri, koma ululuwo kwa ena umatha miyezi, ndipo kwa munthu wodalira ganyu ndiye kuti lendi yavuta. Oopsezedwa kwambiri ndi makanda, okalamba, odwala shuga kapena BP, ndi mayi woyembekezera amene wadwala atatsala pang'ono kubereka.

Musangoti ndi malungo n'kumwa LA wotsala mu chikwama. Pitani kukiliniki tsiku lomwelo, ndipo nenani poyera kumene mwachokera ndi tsiku limene munabwera, chifukwa anamwino a kuno saganiza msanga za matendawa ngati simunatchule ulendo. Ayambe akuyezani malungo, poti amenewo amapha msanga. Magazi a matenda enawa amatha kutumizidwa ku NICD, bungwe la boma lofufuza matenda opatsirana, ku Sandringham.

Mankhwala opha kachiromboka palibe. Pumulani, imwani madzi ambiri ndi Panado. Aspirin ndi Brufen muzipewe kufikira adokotala atatsimikiza kuti si dengue, chifukwa zingachititse kutaya magazi. Dziwaninso kuti Grand-Pa amene timagula pa spaza mutu ukangolasa ali ndi aspirin m'kati. Ndipo sabata yoyamba wodwalayo agone mu neti ngakhale masana, kuti udzudzu usatenge kachiromboka pa iye n'kukaluma mwana wa chipinda chinacho.