Ng'ombe yogula popanda chiphaso isalowe m'khola tsiku lomwelo

Chilimwe chino, pamene madzi aphwa m'madambo ndipo ng'ombe za midzi ingapo zikumwera malo amodzi, ndaona alimi ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akugula ng'ombe popanda chiphaso chololeza kusamutsa ziweto n'kuzisakaniza ndi zinzake tsiku lomwelo. Mchitidwe umenewu uli m'gulu la zimene alangizi timati zoonjezera chiopsezo, ndiko kuti zinthu zimene pazokha sizibala matenda koma zimawatsegulira njira. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amayamba ndi kachilombo, ndipo njati za ku nkhalango yotetezedwa ya Lengwe zimatha kukhala nako osadwala, koma kachilomboko sikangafike m'khola mwanu popanda wokanyamula kapena wokatsegulira pakhomo.

Ng'ombe yotenga kachilomboka imatha kukhala masiku 2 mpaka 14 isanayambe kuchucha dovu kapena kutsimphina, kotero kuiyang'ana m'kamwa pamsika n'kunena kuti ili bwino ndi kudzinamiza. Mbuzi ndi nkhosa ndiye zimavutitsa kwambiri, chifukwa zimatha kufalitsa matendawa zikuoneka zathanzi. Matendawa akapezeka, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kutulutsa nyama m'deralo, ndipo amene amalira si wogula uja yekha: mnansi amene amafuna kugulitsa ng'ombe kuti alipire sukulu ya mwana amasowa kolowera, ng'ombe zokoka ngolo zimalephera kuyenda, mkaka umachepa, ndipo ana a ng'ombe ena amafa.

Bambo wina wa kufupi ndi Ngabu anandiuza kuti, "Alangizi, ng'ombeyo inali yonenepa, mtengo wake wosakanika, ndipo makolo athu ankagula osafunsa pepala." Sabata isanathe, khola lake lonse linali likutsimphina, ndipo anathamangira kunena kuti wina wamuchita chipongwe. Mawu akuti makolo athu ankatero atopetsa, pakuti makolowo sankanyamula ng'ombe pa lole usiku kuchokera kutali monga tichitira lero.

Zoyenera kuchita mukuzidziwa kale. Tengani chiphaso kwa mlangizi wa ziweto, ng'ombe yatsopano ikhale payokha masiku osachepera 14, ndipo abusa asadyetsere m'mphepete mwa Lengwe. Katemera amateteza miyezi yochepa chabe, choncho akabwera obaya musabise ng'ombe poganiza kuti zinabayidwa kale chaka chatha.