Mmene mungakambire kafukufuku wanu wa udokotala pamaso pa anthu a maphunziro ena

Wophunzira amene akuchita digiri ya udokotala wa zamaphunziro (PhD) pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant mumzinda wa Harare, imene kuno amaitcha DPhil, amazolowera kukamba nkhani yake ndi anthu oidziwa kale, monga womuyang'anira ndi anzake a m'dipatimenti. Tsiku lokaima pamaso pa gulu losakanikirana, momwe muli a zamalamulo, a zaulimi, a zaumoyo ndi a mbiri yakale, limafuna kukonzekera kwa mtundu wina, chifukwa cholinga chake n'chakuti munthu wa maphunziro ena amvetse mpaka akufunseni funso lokuthandizani.

Yambani ndi kulemba funso la kafukufuku wanu m'chiganizo chimodzi chimene azakhali anu ogulitsa tomato ku Mbare Musika angachimve. Ine ndimalangiza kuti muyambe mwalinena m'Chichewa ngakhale kuti mukalankhula m'Chingerezi, pakuti pamene mawu a ukatswiri akusowa m'chinenero chathu mumakakamizika kufotokoza zimene chinthucho chimachita, ndipo m'pamene mumazindikira ngati inu eni mwachimvetsa.

Tiyerekeze kuti mukufufuza za ukhondo wa madzi a m'nyanja ya Chivero. Musayambe ndi mayina a mankhwala amene munapeza m'mabotolo a kulabotale. Yambirani pa ndowa imene aliyense m'chipindamo anatungirapo pa mjigo tsiku limene mipopi inauma. Kenako fotokozani kuti nyanjayi ili pa mtsinje wa Manyame kumunsi kwa mzinda, choncho zonyansa zochokera mu Harare zimatsikira m'madzi omwewo amene amakayeretsedwa ku Morton Jaffray n'kubwerera m'nyumba zathu. Anthu akukumbukirabe kolera ya 2008 mpaka 2009, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, komanso ya 2018 imene inavuta kwambiri m'madera a Glen View ndi Budiriro mu Harare. Mukatero, wa mbiri yakale adzakukumbutsani kuti damu limene linapanga nyanjayi linamangidwa mu 1952, nyanjayo ikutchedwa Lake McIlwaine, mzinda udakali waung'ono, ndipo wa zamalamulo adzafunsa kuti udindo woletsa kuipitsa madziwo ndi wa yani. Mafunso otere ndiwo phindu la msonkhanowo. Manambala anu abwere pambuyo, atatu kapena anayi okha.

Pa nkhani ya nthawi, tengerani chitsanzo pa mpikisano wa Three Minute Thesis umene unayambira ku University of Queensland mu 2008, pamene wophunzira amapatsidwa mphindi zitatu ndi silaidi imodzi yosasuntha. Ngakhale mutapatsidwa mphindi 15, yesererani kaye za mphindi zitatuzo pamaso pa mnzanu wa dipatimenti ina, muone pamene akwinya nkhope.

Sungani masilaidi anu pa fulashi, musindikizenso papepala chithunzi chofunika kwambiri, popeza magetsi akhoza kuzima muli pakati pa nkhani. Ngati mudzakwere kombi kuchokera m'tauni, lawirirani.

Musanaonetse zotsatira zimene sizinasindikizidwe, pemphani chilolezo kwa okuyang'anirani. Mayina ndi nkhope za anthu amene munawafunsa mafunso zisaoneke pa silaidi, makamaka pa kafukufuku wa zaumoyo amene amayenera kuvomerezedwa ndi Medical Research Council of Zimbabwe.

Nthawi ya mafunso ikakwana, khalani ndi cholembera m'manja. A Pulofesa ena akafunsa chinthu chimene simunachiganizirepo, vomerani mwaulemu kuti mbali imeneyo simunaifufuze, mulembe funsolo iwo akuona, ndipo musachite makani podziteteza. Msonkhano ukatha apezeni pakhomo, muwapemphe adiresi yawo ya imelo, kenako muwalembere sabata isanathe n'kuwafunsa zimene mungawerenge pa mfundo anakambayo.