Momwe mungakwerere phiri n'kubwerako dzuwa lisanalowe

Anthu ambiri akamakonza ulendo wokwera phiri, maganizo awo onse amakhala pa nsonga, pamene adzaimirire n'kumaona zigwa ndi mitsinje ili pansi pawo. Koma ulendo wa tsiku limodzi umakonzedwa kuyambira kumapeto, ndipo funso loyamba ndi lakuti muyenera kukhala mutatsika nthawi yanji. Mukalidziwa yankho lake, zina zonse zimatsatira.

Choyamba, werengerani nthawi musanatuluke m'nyumba. Pezani kutalika kwa njira yonse, kupita ndi kubwera, komanso mamita amene mudzakwere kuchokera poyambira kufika pamwamba. Mu 1892 katswiri wina wokwera mapiri wa ku Scotland, William Naismith, adapereka njira yowerengera imene anthu akuigwiritsabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Choncho njira ya makilomita 15 yokwera mamita 1,200 imafuna maola 5. Dziwani kuti kuwerengera kumeneku n'kwa munthu wozolowera amene sakuima paliponse, kotero wonjezerani maola awiri a kupuma, kudya ndi kujambula zithunzi, ndipo ngati muli pagulu, werengerani molingana ndi munthu amene amayenda pang'onopang'ono kuposa onse. Mukatero, sankhani ola lobwerera, loti likakwana mudzatembenuka kaya mwafika pa nsonga kaya ayi, ndipo likhale loti mudzafike pansi kutatsala maola awiri kuti mdima ugwe. Gwirizanani za olali muli pansi, chifukwa munthu akaona nsonga ili chapafupi mtima umamunyenga kuti kwatsala pang'ono, pamene nthawi zambiri chimene akuchionacho ndi chitunda chabe chimene chabisa china kumbuyo kwake.

Kenako onani za nyengo dzulo lake komanso m'mawa wa tsikulo, ndipo uzani munthu wodalirika amene akutsala njira imene mudzere ndi nthawi yoti ayambe kukufunani ngati simunabwere. Ngati malowo ali ndi ofesi yolembetsa alendo kapena anthu operekeza, musanyozere, makamaka pa ulendo wanu woyamba.

Za katundu sizifuna mawu ambiri kupatula nsapato ndi madzi. Valani nsapato zimene phazi lanu lidazizolowera kale, zokhala ndi mapazi ogwira bwino pa mwala. Nsapato yatsopano ndiyo imabweretsa matuza pasanathe ola. Wengani zikhadabo za kumapazi, ndipo sokosi zisakhale ndi makwinya. Madzi tengani pafupifupi theka la lita pa ola lililonse loyenda, ndi ochulukirapo kukatentha. M'chikwama cha kumsana ikani chakudya chopepuka chopatsa mphamvu, jekete yamvula, juzi, chipewa, mabandeji, wenzulo, mapu, ndi tochi ngakhale mukuyembekeza kubwera masana. Foni ikhale yodzaza moto, koma musaidalire yokha, poti m'zigwa netiweki imasowa ndipo kuzizira kumatha batire msanga.

Juziyo ena amaiona ngati katundu wongolemetsa akamanyamuka kunja kukutentha. Komatu mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutanthauza kuti pa ulendo tawerengera uja pamwamba padzakhala pozizira ndi madigiri pafupifupi 8 kuposa poyambira, osawerengera mphepo. Mumafika mutanyowa ndi thukuta, ndipo mukangokhala pansi thupi limazizira mofulumira kwambiri. Malaya a thonje amasunga thukuta nthawi yaitali, choncho ndi bwino kuvala nsalu youma msanga. Dzuwa nalo limawotcha kwambiri pamwamba ngakhale mukumva kuzizira, n'chifukwa chake chipewa chili chofunika.

Nyamukani m'bandakucha. Poyamba kukwera pewani phuma: yendani pa liwiro loti mutha kulankhula ndi mnzanu osachita wefuwefu, ndipo pa chitunda chachikulu fupikitsani mapazi m'malo modumphadumpha. Imwani madzi pang'onopang'ono musanamve ludzu, ndipo pumani mphindi zisanu kapena khumi pa ola, osapitirira, kuti miyendo isaume. Mukamva kutentha pa chidendene kapena pa chala, imani pomwepo, vulani nsapato, mumatepo bandeji khungu lisanatumbe. Mphindi ziwiri zimenezo zimapulumutsa tsiku lonse. Pali chizolowezi china chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zida zambiri zodula: pa mphambano iliyonse tembenukani muyang'ane kumene mwachokera. Njira imaoneka mwina pokwera, mwinanso potsika, ndipo mtengo wokhota kapena mwala wong'ambika umene mwausunga m'mutu ndi umene udzakuuzeni kokhotera madzulo mutatopa.

Maso anu azikhalanso kumwamba. M'mapiri ambiri mitambo ya mvula yamabingu imakonda kusonkhana masana, ndipo pa nsonga kapena pa msana wa phiri ndi malo oipitsitsa kupezekapo kukamang'anima. Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka mumve kugunda kwa bingu: masekondi atatu ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo akakhala osakwana 30 ndiye kuti muli pa ngozi, tsikani msanga, mutalikirane ndi mtengo woima wokha. Nkhungu ikakuphimbani mpaka njira osaoneka, imani pamodzi, valani zofunda, mudikire kuti kuyere, chifukwa kuyenda mongoganizira pafupi ndi phompho n'kumene kumatayitsa anthu. Mukafuna thandizo, chizindikiro chodziwika m'mapiri ambiri ndi kuimba wenzulo kasanu n'kamodzi pa mphindi imodzi, kupuma mphindi imodzi, kenako kubwereza. Ndipo pa mapiri opitirira mamita 2,500 mpweya umachepa mphamvu, moti wina akayamba kumva mutu, nseru kapena chizungulire, asapitirire kukwera. Zikamakula, atsike naye mnzake.

Mukafika pamwamba, valani juzi musanachite china chilichonse, kenako idyani, imwani, ndipo khalani chete kwa kanthawi muone dziko mmene layalikira, mithunzi ya mitambo ikuyenda pa zigwa. Zithunzi jambulani mutaima pamalo otakasuka, kutali ndi m'mphepete. Zinyalala zanu zonse, ngakhale makoko a zipatso, zibwerere m'chikwama.

Kutsika kumafuna chidwi chochuluka kuposa kukwera, pakuti miyendo yatopa, maganizo athamangira kale kunyumba, ndipo kulemera kwa thupi lonse kumagwera pa maondo ndi akakolo. Musanayambe, mangitsani zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo. Pindani maondo pang'ono, pondani ndi phazi lonse, ndipo pa miyala yoterera kapena pa timiyala togubuduka tsikani chammbali, mukuchirikiza ndi ndodo ngati muli nayo. Musathamange, musadule njira pofuna kufupikitsa, ndipo siyanani mpata kuti mwala wogumuka ndi wa kumbuyo usagwere wa kutsogolo. Wotsogolera azidikira anzake pa mphambano iliyonse mpaka womaliza afike. Mukafika poyambira paja, werenganani kuti mwakwana, kenako muimbireni munthu munamuuza uja kuti mwatsika bwino.