Kuyendetsa Pulatifomu ya Pakampani Ngati Katundu wa Makasitomala

Ngati mumayang'anira pulatifomu (zida ndi makompyuta ogwirira ntchito) imene anzanu opanga mapulogalamu amadalira, monga pa kampani yogula fodya ku Kasungu, muziwaona anzanuwo ngati makasitomala anu. Yambani ndi kukhala nawo pansi kuti muone pamene ntchito yawo imachedwa, chifukwa mwina wina amadikira masiku 3 kuti apatsidwe seva (kompyuta yoyendetserapo mapulogalamu), kapena amataya ntchito yake magetsi akazima. Konzani vuto limodzi kaye, mulembe malangizo ake mu Git (pulogalamu yosungira mafayilo ndi mbiri ya zosintha zake), ndipo musankhe munthu woyankha madandaulo. Musawakakamize kugwiritsa ntchito chida chatsopano. Akamachizemba, afunseni chifukwa chake. Zosintha zikuluzikulu muzizichita msika wa fodya wa ku Chinkhoma usanatsegulidwe, popeza malonda akayamba pulogalamu yolembera mabelo siyenera kuima.