Malangizo kwa opita kukaphunzira pa mugodi wa El Teniente ku Chile

Werengani malangizowa musananyamuke ku Rancagua. Mugodi wa El Teniente uli m'mapiri a Andes, makilomita pafupifupi 80 kucokera ku Santiago, ndipo njira zake za pansi zimaposa makilomita 3,000. Msewu wokwera kumeneko ndi wa mugodi, motero motoka yanu musiye. Alendo amakwera basi yololedwa. Tauni yakale ya Sewell ili pamtunda woposa mamita 2,000 ndipo ndi masitepe okhaokha. Kwerani pang'onopang'ono, mpweya ndi wocepa.

Inu ozolowera ku Nchanga kapena ku Mufulira, kumene kopa amakhala m'miyala yoyalana ngati mphasa, pano musayembekezere zimenezo. Kopa wa kuno ali m'timizere tosawerengeka topingasana m'mwala wakuda, umene unang'aluka n'kulowa madzi otentha ocokera ku mwala wosungunuka, zaka pakati pa 6 miliyoni ndi 4 miliyoni zapitazo. Citsulo cina copezeka pamodzi ndi kopa kuno ndi molybdenum, osati cobalt. M'tani imodzi ya mwala, kopa kawirikawiri sakwana makilogalamu 10, molybdenum ndi magalamu pafupifupi 200 cabe. Pakati pa mugodi pali mwala wophwanyikaphwanyika wotchedwa Braden, wooneka ngati fanulo, mamita pafupifupi 1,200 m'mimba mwake pamwamba. Kopa ndi wocepa mmenemo, n'cifukwa cake anakumbamo maofesi ndi mokonzera makina, ndipo mugodi umauzungulira.

Mukapatsidwa mwala, tengani mpeni, pepala ndi cikhadabo canu. Wacikasu umene mpeni ukukanda ndi chalcopyrite, muli kopa. Wacikasu umene mpeni ukuterereka ndi pyrite, mulibe. Molybdenite ndi wotuwa monyezimira, wofewa, amasiya mzere pa pepala ngati pensulo. Ambiri amamusokoneza ndi graphite, koma mukamukhula pa mbale yadothi yonyezimira mzere wake umapita kobiriwira. Mukaona mzere woyera m'mwala mwenimwenimo, uyeseni ndi cikhadabo. Ukakandika ndi gypsum, kutanthauza kuti madzi anafikapo. Ukakana, koma mpeni n'kuukanda, mwina ndi anhydrite, ndipo mwatsikira m'mwala wolimba.

Kusiyana kumeneku musakutenge mopepuka. Pamene kampani ya William Braden inayamba kukumba mu 1905, komanso nthawi ya kampani ya Kennecott kuyambira 1916, ankakumba mwala wa pamwamba umene madzi anasungunula anhydrite wake. Unali ndi kopa wambiri ndipo unkagumuka wokha ukadulidwa kunsi. Boma la Chile linagula magawo 51 pa 100 mu 1967, n'kutenga mugodi wonse mu 1971, ndipo Codelco, kampani ya boma ya migodi ya kopa imene inakhazikitsidwa mu 1976, inapeza mwala wofewawo ukutha. Wa pansi ndi womatana zolimba. Umapirira kulemera kwa phiri mpaka kuphulika mwadzidzidzi. Pa 31 July 2025 cigawo ca Andesita cinagumuka, anthu 6 anafa. Mukamva mwala ukuthetheka, kapena kuona simenti ya kudenga yang'aluka ndi fumbi likuthothoka, bwererani mmene munadzera, muuze wokutsogolerani. Malo otsekedwa ndi cingwe kapena cikwangwani musalowemo, ngakhale aoneke abwino.

Kakumbidwe ka kuno ndi kodula mwala kunsi kuti ugwe ndi kulemera kwake, kenako makina n'kumautapa pa makomo a pansi. Mwala waukulu ukatsakamira pakhomo, musaime kutsogolo kwake kapena kusuzumira. Khomo lodontha matope ndi loopsa kuposa louma, cifukwa madzi a mvula ndi cipale amalowera pa cigwembe ca pamwamba pa phiri, cimene cimapangika mwala ukamagwera pansi. Za matope a ku Mufulira mu 1970, amene anapha anthu 89, sitikufunika kukukumbutsani.

Pa 19 June 1945 moto unabuka pa cipala pafupi ndi khomo lina la mugodi. Anthu 355 anafa, osati ndi moto koma ndi utsi wa carbon monoxide umene mphepo inakokera m'njira za pansi. Mpweya umenewu ulibe fungo kapena mtundu. Motero kabokosi kopumira ka self-rescuer kazikhala pa lamba wanu nthawi zonse, osati m'cikwama. Funsani mtundu umene mwapatsidwa: wina umasefa mpweya woipawo koma supereka oxygen, wina umatulutsa oxygen wake. Onani ngati cidindo n'cosathyoka ndipo kabokosi sikanaphwanyike. Utsi ukaoneka, gwirani mpweya, tsegulani, lumani mphira wa pakamwa, panani mphuno ndi kopanira kake, muyende osathamanga kupita ku cipinda cothawirako. Ka mtundu wosefa kamatentha mpaka kuwaula milomo pamene mpweya woipa wacuruka. Kutenthako ndi cizindikiro cakuti kakugwira nchito, ndiye musakacotse pakamwa ngakhale kuti muitane mnzanu, mugwireni paphewa.